Chingwe chakuda cha padzuwa chasowa: kodi chaphulika kapena changobisala?

Mphunzitsi wina wa fizikisi pasukulu ya sekondale ku Kasungu wafunsa kuti: "Ine ndi ana a Folomu 4 timatsitsa pa intaneti zithunzi za dzuwa zimene amati za H-alpha. Tsiku lina panali chingwe chakuda chachitali pankhope ya dzuwa, koma pachithunzi cha patapita ola limodzi chinali chitasowa. Ana akuti chaphulika. Tingatsimikize bwanji? Nanga akatswiri akamati mpweya wake ukuthamanga makilomita mazana pa sekondi, amayezera chiyani? Ife kuno tingayezeko?"

Aphunzitsi, n'kutheka ndithu kuti ana anuwo alondola, koma zithunzi ziwiri zokha sizingaweruze mlanduwu. Chingwe chotere chimasowa pachithunzi cha H-alpha m'njira zitatu. Chikhoza kunyamuka n'kumwazikira kutali. Chikhoza kutenthedwa chili pomwepo mpaka kuleka kuoneka. Chikhozanso kukhala chikadalipo, chikuyenda molunjika kwa ife, moti kuwala kwake kwatuluka m'kampata kamene fyuluta ya telesikopu imalola. Pachithunzi zonsezi zimaoneka chimodzimodzi. Chimene chimazisiyanitsa ndi mzere wa haidrojeni weniweniwo, kutanthauza kachigawo kopyapyala ka kuwala kamene haidrojeni imatulutsa kapena kumeza: pamene wakhala, kukula kwake, ndi kuwala kwake.

Chingwe mwachionacho akatswiri amachitcha filament chikakhala pankhope ya dzuwa, ndipo amachitcha prominence chikakhala m'mphepete, pamene chimaoneka chowala chifukwa kumbuyo kwake kuli mdima. Chinthu chake n'chimodzi. Ndi mtambo wa mpweya, makamaka haidrojeni, wotentha madigiri 6,000 mpaka 10,000, wolenjekeka mkati mwa corona, mpweya wakunja wozungulira dzuwa, yotentha kupitirira madigiri 1 miliyoni. Mpweya wake ndi wothithikana kuwirikiza ka 100 poyerekeza ndi wozungulira, choncho ukanayenera kugwa, koma mphamvu ya maginito imaugwira m'mwamba. N'chifukwa chake nthawi zonse filament imagona pamalire a zigawo ziwiri za maginito zotsutsana. Kutalika kwake kumafika makilomita 100,000 kapena kuposa, pamene dziko lathu kuchoka mbali iyi kufika mbali inayo ndi makilomita 12,742 okha. Maginito ogwirawo akapotokola mopitirira, kapena amene anali pamwamba pake akamasuka, mtambowo umanyamuka.

Tsono za mizereyo. Elekitironi ya mu atomu ya haidrojeni imakhala pamasitepe owerengeka, monga Niels Bohr anafotokozera mu 1913. Ikatsika kuchoka pa sitepe 3 kufika pa 2 imatulutsa kuwala kofiira kumene funde lake ndi lotalika mananomita 656.28 (nanomita ndi gawo limodzi la magawo 1 miliyoni a milimita), ndiyo H-alpha. Kuchoka pa 4 kufika pa 2 imatulutsa H-beta, ya 486.13, yooneka mwa buluu wopita kobiriwira. Pa 5 pamachoka H-gamma ya 434.05, pa 6 H-delta ya 410.17. Ndondomeko ya manambalawa anaipeza ndi Johann Balmer mu 1885, nayenso anali mphunzitsi wa pasukulu mumzinda wa Basel. Kuchoka pa 2 kufika pa 1 pamatuluka Lyman-alpha ya 121.57, mzere wamphamvu kuposa yonseyi, koma mlengalenga wa dziko lathu umaumeza, ndiye umayezedwa ndi zipangizo zotumizidwa kunja kwa mlengalengawo basi. Woyamba kuona mizere ya prominence popanda kudikira kadamsana anali Jules Janssen. Anaiona yowala kwambiri pa kadamsana wa pa 18 August 1868 ali ku Guntur m'dziko la India, ndipo m'mawa mwake analozanso chipangizo chake m'mphepete mwa dzuwa n'kuipeza ilipobe. Norman Lockyer anachita zomwezo ku England mu October chaka chomwecho.

Pankhope ya dzuwa H-alpha ndi mzere wakuda: pakatikati pake pamawala pafupifupi gawo limodzi la magawo 6 a kuwala kwa m'mbali mwake. Kuti filament ioneke, fyuluta iyenera kutsekereza kuwala konse n'kusiya kampata ka pakatipo, nthawi zambiri mananomita 0.07 kapena 0.05. Ogulitsa amalemba m'ma angstrom, ndipo angstrom imodzi ndi mananomita 0.1. Kupapatiza kwa mpatawu n'kumene kumatithandiza, n'kumenenso kumatipusitsa.

Ana anu amadziwa mmene hutala ya lole ya fodya imamvekera mumsewu wa M1 popita ku Chinkhoma: ikamabwera mawu amakwera, ikadutsa amatsika. Kuwala kumachitanso zomwezo. Mpweya ukamabwera kwa ife mzere umasunthira kumbali ya buluu, ukamathawa umasunthira kumbali yofiira. Masamu ake ndi a Folomu 3: tengani kusuntha kwa mzere, gawani ndi 656.28, chulukitsani ndi liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Mupeza kuti kusuntha kwa mananomita 0.1 kukuimira makilomita 45.7 pa sekondi. Tsopano onani fyuluta ya 0.07 ija. Kuchoka pakati kufika m'mphepete mwa mpata wake ndi 0.035, amene ndi makilomita 16 okha pa sekondi. Filament yoyenda makilomita 30 pa sekondi molunjika kwa ife yayamba kale kufooka pachithunzi. Ya makilomita 100 pa sekondi mzere wake wasuntha ndi 0.22, kutali ndi mpatawo, ndipo simuionanso ngakhale pang'ono, chikhalirecho ili pomwepo pamaso panu. Apa ndiye pagona nkhani ya chingwe chanu chija, chifukwa filament ya pakati pa nkhope ya dzuwa ikamakwera imakwera molunjika kwa ife.

Ndiye akatswiri sajambula pakati pa mzere pokha. Amasuntha fyuluta pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri n'kujambula pa sitepe iliyonse. Ku Hida Observatory m'dziko la Japan kuli chipangizo chimene chimajambula dzuwa lonse kuchoka pa mananomita 0.9 kumbali ya buluu mpaka 0.9 kumbali yofiira, kutanthauza kuti chimatsatira mpweya mpaka pa makilomita 400 pa sekondi. Filament ikayamba kuda kumbali ya buluu uku ikusowa pakati ndi kumbali yofiira, dziwani kuti ikukwera. Chidutswa chikamaoneka kumbali yofiira, chimenecho chikubwerera pansi. Pamalo alionse a chithunzi amalemba kuda kwa filament pa sitepe iliyonse poyerekeza ndi malo oyandikana nawo opanda filament, kenako amafananiza ndi chiwerengero chimene Jacques Beckers anakonza mu 1964, chotchedwa cloud model. Chimatulutsa manambala anayi: liwiro, kukula kwa mzere, kuchindikala kwa mtambo kwa kuwala, ndi kuwala kumene mtambowo ukutulutsa pawokha. Chimalakwa pamene mitambo iwiri yasanjikizana pamzere umodzi wa diso, wina ukukwera wina ukugwa, chifukwa chimaganiza kuti mtambo ndi umodzi wa liwiro limodzi. Zikatero chimapereka liwiro la pakatikati limene palibe mpweya uliwonse umene ukuyenda nalo. Chizindikiro chake ndi mzere wa nsonga ziwiri kapena wotambalala modabwitsa, ndipo munthu wosamala amayang'ana maonekedwe a mzerewo ndi maso asanakhulupirire kompyuta.

Kusuntha kwa mzere kumangotiuza za kuyenda kobwera kapena kothawa. Kuyenda kodutsa cham'mbali kumayezedwa pazithunzi zotsatizana, ndipo apa ana anu angagwire ntchito mawa lomwe. Dzuwa kuchoka mphepete iyi kufika inayo ndi makilomita 1,392,000. Tiyerekeze kuti pachithunzi chanu latenga mapikiselo 1,800. Ndiye kuti pikiselo imodzi ndi makilomita 773. Nsonga ya prominence ikakwera mapikiselo 70 m'mphindi 10, yayenda makilomita 54,110 m'masekondi 600, amene ndi makilomita 90 pa sekondi. Tiyerekezenso kuti mzere wa nsonga yomweyo wasuntha ndi 0.26 kumbali ya buluu, amene ndi pafupifupi makilomita 120 pa sekondi. Maliwiro awiriwa ndi opingasana, choncho timawaphatikiza ndi lamulo la Pythagoras ndipo timapeza 150. Onani mmene chithunzi chokha chikanatinamizira: 90 pamene zoona zake ndi 150. Liwiro lochokera pazithunzi nthawi zonse limakhala lochepera kapena lofanana ndi lenileni.

Zimene zimasokoneza poyeza pazithunzi ndi izi. Nsonga imene mukuitsatira siikhala mpweya womwewo nthawi zonse. Chidutswa cha pamwamba chikazimiririka, diso limalumphira pa chidutswa cha m'munsi, ndipo mumaganiza kuti prominence yabwerera m'mbuyo. Sankhani kamfundo kamodzi kowala kodziwika bwino, mukatsatire pazithunzi zosachepera 8 kapena 10, mulembe kutalika kwake ndi nthawi pa pepala la girafu. Mzere wa pagirafu nthawi zambiri umayamba mogona, makilomita ochepa pa sekondi kwa maola angapo, kenako umapinda n'kuima mwadzidzidzi. Popindapo ndi pamene akatswiri amapafunitsitsa, chifukwa mpomwe maginito agonja.

Poyeza kusuntha kwa mzere, vuto lalikulu ndi kudziwa pamene pali ziro. Chipangizo chikatenthedwa ndi dzuwa zitsulo zake zimatanuka ndipo mzere wonse umasuntha wokha. Njira yake ndi kuyezera pamizere yopyapyala ya nthunzi ya madzi ya mumlengalenga mwathu, imene ilipo ingapo pafupi ndi H-alpha ndipo siyenda ndi dzuwa. Kumbukiraninso kuti dzuwa limazungulira: mphepete ya kum'mawa imabwera kwa ife pa makilomita 2 pa sekondi, ya kumadzulo imathawa chimodzimodzi. Pa prominence yophulika zimenezi n'zochepa, koma pa yodekha n'zokwanira kusokoneza yankho lonse. Mukaona mzere wa prominence wapendekeka, mbali ina ku buluu mbali ina kofiira, musafulumire kunena kuti chipangizo chakhota. Yang'anani mizere ya madzi ija. Ngati ili chilili, ndiye kuti prominence ikuzungulira yokha pamene maginito ake akumasula kupotana, ndipo umenewu ndi umodzi mwa maumboni okongola kwambiri amene H-alpha imapereka.

Kutentha kumayezedwa ndi kukula kwa mzere. Maatomu a mumpweya wotentha amathamanga mbali zonse, ena kubwera ena kuthawa, ndipo mzere umatambalala. Haidrojeni ya madigiri 8,000 imathamanga pafupifupi makilomita 11.5 pa sekondi, zimene zimapereka mzere wa mananomita 0.04 poyeza pakati pa msinkhu wake. Koma mpweya wovunduka nawonso umatambalitsa mzere ngakhale usanatenthe, ndiye mzere umodzi sungasiyanitse kutentha ndi kuvunduka. Pamafunika mzere wachiwiri wa atomu yolemera. Kashiamu ndi yolemera kuwirikiza ka 40 kuposa haidrojeni, choncho pakutentha komweko imangoyenda makilomita 1.8 pa sekondi, pamene kuvunduka kumanyamula maatomu onse mofanana. Mafunso awiri osadziwika, miyeso iwiri, yankho limatuluka. Mwamwayi mzere wa haidrojeni wa 397.0 unagundizana ndi wa kashiamu wa 396.8, moti yonse imalowa pachithunzi chimodzi nthawi imodzi.

Ine sindingalangize munthu kuyeza kutentha ndi H-alpha pamalo owala kwambiri a prominence. Pamalo otero mtambo umakhala wochindikala, kuwala kochokera kumbuyo kumamezedwa ndi maatomu a kutsogolo, nsonga ya mzere imaphwatalala ndipo mzere umaoneka waukulu kuposa mmene kutentha kukanauchititsira. Wosadziwa amalengeza madigiri 15,000 pamalo a 8,000. H-beta ndi H-gamma zimadutsa mumtambo mosavuta, choncho n'zodalirika pantchito imeneyi. Kuyerekeza H-alpha ndi H-beta kumathandizanso kudziwa kuchindikalako: pamalo ofooka H-alpha imaposa H-beta kakhumi kapena kupitirira, ndipo mtambo ukamachindikala kusiyanaku kumachepa.

Pali msampha wina umene ngakhale ophunzira a ku yunivesite amagwamo, woganiza kuti prominence ikawala ndiye kuti yatentha. Kuwala kwake kochuluka ndi kobwereka: imalandira kuwala kochokera pansi padzuwa n'kukumwaza. Ikakhala chete imalandira pakatikati pa H-alpha, paja tanena kuti m'pakuda. Ikayamba kuthawa dzuwa, kwa iyo mzere wakudawo umasunthira kumbali, ndipo imayamba kulandira kuwala kochuluka kwa m'mbali mwa mzere. Zotsatira zake n'zakuti imawala kwambiri mu H-alpha chifukwa cha liwiro lokha. Lyman-alpha imachita zosiyana, poti padzuwa ndi mzere wowala: prominence ikathamanga imachoka pakuwalako ndipo imazilala. Zimenezi anazifotokoza Hyder ndi Lites mu 1970, ndipo lero zasanduka chida, chifukwa kuzilala kwa Lyman-alpha kumaulula liwiro lothawira dzuwa ngakhale mpweya uli kutali. Chombo cha Solar Orbiter, chimene chinanyamuka mu February 2020, chili ndi chipangizo chotchedwa Metis chojambula mzere umenewu, ndipo setilaiti ya China ya ASO-S ya mu October 2022 nayonso imajambula dzuwa mu Lyman-alpha.

Tibwerere ku chingwe chanu. Poti mulibe zithunzi za kumbali ya buluu, funani mboni zina, ndipo zonse n'zaulere. Zithunzi za H-alpha za GONG, gulu la matelesikopu oonera dzuwa, zimachokera kumalo 6 ozungulira dziko ndipo zimajambulidwa mphindi iliyonse, choncho musadumphe ola lathunthu: tsitsani za mphindi 2 kapena 3 zilizonse pakati pa zithunzi zanu ziwiri zija. Filament yokonzeka kunyamuka imada, imafufuma, imagwedezeka, kenako imayamba kusowa pakati n'kutsala miyendo. Pambuyo pake yang'anani ngati pamalopo patuluka mizere iwiri yowala, uku ndi uku kwa pamene panali chingwe, yomwe ikutalikirana pang'onopang'ono. Chimenecho ndi chizindikiro champhamvu cha kuphulika. Kenako pitani ku zithunzi za setilaiti yoonera dzuwa ya SDO za mananomita 30.4, zimene zimaonetsa heliyamu ya madigiri pafupifupi 50,000. Fyuluta yake ndi yotakata, liwiro silichotsa mpweya pachithunzi, ndiye ngati filament inanyamuka mudzaiona ikupita. Ngati ili pamalo pomwepo mu 30.4 koma mu H-alpha mulibe, ndiye kuti yangotenthedwa: haidrojeni yataya elekitironi yake, ndipo atomu yopanda elekitironi ilibe mzere woti itulutse kapena kumeza. Zotere kawirikawiri zimaonekanso pakapita maola angapo mpweya ukazizira. Mboni yomaliza ndi telesikopu ya LASCO ya pa chombo cha SOHO, imene imaphimba dzuwa n'kuonetsa corona yakutali. Mpweya wa makilomita 400 pa sekondi umatenga pafupifupi theka la ola kuti ukwere makilomita 696,000, ndiye yang'anani kuyambira theka la ola mpaka maola angapo chingwe chitasowa. Mukaona mtambo wa mutu wowala, mphako yakuda pambuyo pake ndi chimake chowala pakati, chimakecho ndiye filament yanu. Nthawi zonse pamasamba amenewa zili mu UT, nthawi ya dziko lonse yowerengera ku Greenwich. Kuno timawonjezera maola 2, ndipo ambiri amasochera pomwepa.

Si zonse zonyamuka zimene zimathawa. Pankhope ya dzuwa liwiro lothawira ndi makilomita 618 pa sekondi, ndipo pamtunda wowirikiza kawiri kuchokera pakati pa dzuwa limatsika kufika pa 437. Komabe musaweruze ndi nambala imeneyi yokha, poti maginito amapitiriza kukankha mpweya uli m'njira. Onetsani ana kanema wa SDO wa pa 7 June 2011, pamene mpweya wochuluka unakwera n'kugweranso padera lalikulu la dzuwa, ndi wa pa 31 August 2012, pamene filament yaitali inachoka kwathunthu pa liwiro loposa makilomita 1,400 pa sekondi. Zothawazo zikalunjika kuno zimafika pakati pa tsiku limodzi ndi masiku anayi. Namondwe wa maginito wa pa 13 March 1989 anazimitsa magetsi ku Quebec kwa maola 9, wa mu October 2003 anaononga mathiransifoma ena ku South Africa, ndipo mu February 2022 masetilaiti a Starlink 38 mwa 49 ongotumizidwa kumene anagwa. Ndiye kusuntha kwa mzere kumbali ya buluu pakati pa nkhope ya dzuwa ndi chenjezo loyambirira ndithu.

Za kuyeza nokha ku Kasungu, ndiyambe ndi maso a ana. Galasi lofukiza ndi utsi, filimu ya ekisire, magalasi a dzuwa ovala, ngakhale fyuluta ya H-alpha yojambulira nyenyezi usiku, zonsezi siziteteza. Pa telesikopu diso limapsa munthu asanaphethire, ndipo silichira. Magalasi ovomerezeka oonera kadamsana (popanda telesikopu) ndi fyuluta yovomerezeka ya dzuwa yophimba kutsogolo kwa telesikopu n'zotetezeka, koma sizionetsa prominence. Zipangizo zoyenera zilipo mitundu iwiri. Woyamba ndi telesikopu yopangidwira H-alpha, monga Coronado PST ya mamilimita 40 kapena za Lunt. Zili ndi mphete kapena kachitsulo kosunthira mpata wa fyuluta pang'ono mbali zonse, kokwanira kuona filament ikuda kumbali imodzi, koma kosakwanira kutsatira mpweya wa makilomita mazana pa sekondi. Zimenezi musazimasule mkati, ndipo fyuluta yake ikaoneka yadzimbiri kapena yang'aluka, telesikopuyo isiyeni.

Wachiwiri, umene ndingasankhe ine pophunzitsa fizikisi, ndi spectroheliograph yaing'ono, chipangizo chojambula dzuwa pamzere umodzi wa kuwala, monga Sol'Ex imene anakonza Christian Buil wa ku France. Ili ndi kampata ka mamaikuloni 10 (mamilimita 0.01) ndi grating, galasi logawa kuwala m'mitundu yake, ya mizere 2,400 pa milimita, ndipo imalekanitsa mpaka mananomita 0.02. Imamangidwa kumbuyo kwa telesikopu yaing'ono, yokhala ndi fyuluta yochepetsa kutentha kutsogolo, ndipo dzuwa mumaliona pa kompyuta kudzera pa kamera, diso osaliika pachipangizo. Kukula kwa chithunzi cha dzuwa ndi focal length (mtunda wochoka pagalasi la telesikopu kufika pamene chithunzi chimapangika) kugawa ndi 107, choncho telesikopu ya focal length ya mamilimita 420 imapereka dzuwa la mamilimita 3.9, lokwana mukampatako. Mumayendetsa telesikopu kuti dzuwa lidutse pakampata uku kamera ikujambula, kenako pulogalamu imamanga chithunzi pamalo alionse a mzere amene mwasankha, pakati, ku buluu kapena kofiira, kuchokera pa ulendo umodzi womwewo. Ubwino wake ndi wakuti ana amauona mzere weniweniwo ukupindika pamene padutsa mpweya wothamanga. Zovuta zake n'zakuti kafumbi kamodzi pakampata kamajambula mzere pachithunzi chonse, mphepo ikagwedeza telesikopu mphepete ya dzuwa imatuluka yamanomano, ndipo pamafunika kulunjika zinthu ziwiri padera, kamera pa mzere ndi telesikopu pa kampata.

Nyengo ya kwanuko ili ndi zake. Miyezi yabwino ndi May mpaka July, mvula itatha kutsuka mlengalenga. Kuyambira August mpaka October utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimayeretsa thambo pafupi ndi dzuwa, ndipo ma prominence ofooka amamira m'kuyerako ngakhale kulibe mtambo. Yesani motere: tambasulani mkono, bisani dzuwa lonse kuseri kwa denga kapena mtengo, muone ngati thambo la pafupi lili la buluu kapena loyera mbuu. Jambulani m'mawa, kuyambira 7 mpaka 9 koloko, nthaka isanatenthe. Ikani telesikopu pakapinga, kutali ndi malata, ndipo musayang'ane modutsa pamwamba pa denga la kalasi chifukwa mpweya wotentha wochoka pamalata umavinitsa chithunzi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha: ma filament ambiri amakhala masabata osasuntha, ndipo kunyamuka kwake kumatha m'kati mwa ola limodzi kapena awiri. Choncho gawani ana m'magulu, gulu lililonse likhale ndi filament yake, ndipo tsiku lililonse lizilemba malo ake, kutalika kwake ndi nthawi mu UT. Wotchi ya kompyuta muziikonza ndi intaneti musanayambe, chifukwa kulakwa kwa mphindi imodzi pa muyeso wa mphindi 10 kumasokoneza liwiro ndi magawo 10 pa 100.